Ndale za thandizo lakunja: Momwe chiganizo cha ku Washington chimafikira kwa Dambe

Pa 20 Januwale 2025, tsiku lomwe adalumbiritsidwa kukhalanso mtsogoleri wa dziko la America, Donald Trump adasaina chikalata choimitsa kwa masiku 90 thandizo lomwe dzikolo limapereka kumayiko ena. Sabata isadathe, mabungwe ambiri oyendetsa ntchito zawo ndi ndalama za America adalandira makalata owalamula kuti aimike ntchito pompopompo. Kuno ku Malawi, alangizi oyeza magazi, olemba mbiri ya odwala m'makompyuta komanso ena ambiri othandizira m'zipatala adauzidwa kuti ayambe akhala pakhomo.

Chomwe chidazunguza anthu ambiri nchakuti dziko la Malawi silidayambane ndi America. Padalibe kazembe yemwe adapirikitsidwa, padalibenso mlandu womwe boma la Malawi lidapalamula sabata imeneyo. Nanga bwenzi la zaka zoposa 60 lingatseke bwanji mpopi usiku umodzi? Yankho lagona pa mfundo yomwe mbiri ya dziko lino yakhala ikuonetsa kuyambira pomwe lidalandira ufulu wodzilamulira mu 1964: thandizo lochokera ku boma lina kupita ku boma linzake ndi gawo la ndale, ndipo limabwera, kukula, kuchepa kapena kutha malingana ndi zofuna za wopereka.

Chipatala chimodzi, matumba ambiri

Dera la Mfumu Yaikulu Dambe lili kumapiri a boma la Neno, kufupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique. Ndi dera lozizira, lotchuka ndi ulimi wa mbatata ya kachewere, koma misewu yake imavuta kwambiri mvula ikayamba. Boma la Neno lenilenilo ndi limodzi mwa maboma aang'ono m'dziko muno. Lidapatuka ku Mwanza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo kalembera wa 2018 adapeza kuti kuli anthu pafupifupi 138,000.

Mu 2007, bungwe la Partners In Health, lomwe likulu lake lili ku Boston m'dziko la America, lidayamba kugwira ntchito ku Neno mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo. Kuno limadziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo. Bungweli lidathandiza kumanga chipatala chachikulu cha boma la Neno ndi chipatala cha Lisungwi, ndipo mu 2016 chipatala chaching'ono cha Dambe chidatsegulidwa, zomwe zidafupikitsa ulendo wa amayi oyembekezera ndi odwala omwe kale ankayenda mitunda italiitali.

Woyang'ana chipatala chotere amaona nyumba imodzi, koma ndalama zoyendetsera ntchito yake zimachokera m'matumba osiyanasiyana. Abwenzi Pa Za Umoyo si nthambi ya boma la America. Gawo lalikulu la chuma chawo limachokera kwa anthu ndi mabungwe akufuna kwabwino. Malipiro a anamwino ndi alangizi a zaumoyo olembedwa ndi boma amachokera kumisonkho ya Amalawi. Mankhwala otalikitsa moyo, omwe boma lidayamba kugawa ulere mu 2004, amagulidwa makamaka ndi thumba la Global Fund, lomwe kwa zaka zambiri dziko lomwe lakhala likusonkhamo ndalama zochuluka kuposa ena onse ndi America. Masikito ndi mankhwala a malungo akhala akuchokera ku thumba lomweli komanso ku ndondomeko ya mtsogoleri wa America yolimbana ndi malungo. Katemera wa ana amadalira kwambiri bungwe la Gavi, lomwe mu Juni 2025 boma la America lidalengeza kuti lisiya kulipatsa ndalama.

Choncho ngakhale chipatala chomwe chidamangidwa ndi ndalama zosachokera ku boma la America sichingathawe zotsatira za ziganizo za ku Washington. Mayi wa kwa Dambe wodzatenga mankhwala a miyezi itatu ndi womangika ku unyolo wautali womwe mbali yake ina ili m'manja mwa aphungu omwe sadamvepo dzina la Neno.

Kupatsa nkuika

Akuluakulu akale adati kupatsa nkuika. Mwambiwu umafotokoza bwino momwe maboma olemera amaonera thandizo. Ndi zoona kuti m'mayikomo muli anthu achifundo chenicheni: madokotala, atsogoleri a mipingo ndi okhoma msonkho omwe safuna kuona mwana akufa ndi matenda ochizika. Koma boma silitulutsa ndalama chifukwa cha chifundo chokha. Liyenera kukhutiritsa nyumba yake ya malamulo kuti ndalamazo zibweretsa phindu kwa eni dziko.

Phindu loyamba ndi chitetezo ndi kupeza abwenzi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, America idapereka madola pafupifupi 13 biliyoni kudzera m'ndondomeko ya Marshall, yomwe idayamba mu 1948, pomanganso mayiko a kuzambwe kwa Ulaya. Cholinga china chachikulu chidali choti mayikowo asagwe m'manja mwa chikomyunizimu. Bungwe la USAID, lomwe John F. Kennedy adakhazikitsa mu 1961, lidabadwanso mkatikati mwa mpikisano wa pakati pa America ndi Soviet Union.

Phindu lachiwiri ndi malonda. Lamulo la America la 1954 lokhudza thandizo la chakudya lidathandiza anjala, komanso lidapezera msika alimi a dzikolo omwe nkhokwe zawo zidali zitasefukira. Kwa zaka zambiri, gawo lalikulu la chakudyacho limayenera kugulidwa ku America konko ndi kunyamulidwa ndi sitima zapamadzi za komweko. Phindu lachitatu ndi mavoti kumisonkhano ya mayiko, monga ku United Nations, komwe voti ya dziko losauka imalemera chimodzimodzi ndi ya dziko lolemera. Lachinayi ndi kudziteteza ku miliri, poti matenda sadziwa malire.

Chitsanzo choonekeratu cha momwe ndale zimaposera umphawi pogawa thandizo ndi cha Israel ndi Egypt. Mu 2016, boma la Barack Obama lidasaina mgwirizano wopatsa Israel madola 38 biliyoni m'zaka khumi, kutanthauza madola 3.8 biliyoni pachaka, zonse za ntchito zachitetezo, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo limabwerera ku America pogula zida kumakampani a komweko. Egypt yakhala ikulandira madola pafupifupi 1.3 biliyoni pachaka a zankhondo, mphoto yomwe idadza kutsatira pangano la mtendere lomwe idachita ndi Israel mu 1979. Pomwe Malawi, limodzi mwa mayiko osaukitsitsa padziko lapansi, m'zaka zapitazi imalandira kuchokera ku America madola cha m'ma 350 miliyoni pachaka. Ndipo pomwe thandizo lidaimitsidwa mu Januwale 2025, la zankhondo lopita ku Israel ndi Egypt lidali m'gulu la zochepa zomwe sizidakhudzidwe kuchokera pachiyambi.

Kamuzu ndi msika wa ubwenzi

Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr Hastings Kamuzu Banda, adamvetsa msanga kuti ubwenzi wa dziko ndi katundu yemwe ali ndi mtengo. Pomwe ankafuna kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe, boma la Britain lidakana kupereka ndalama. Kamuzu adatembenukira ku South Africa, yomwe panthawiyo inkalamulidwa ndi boma latsankho ndipo mayiko a mu Africa adali ataisala. Mu 1967 Malawi idakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi dzikolo, ndipo posakhalitsa idalandira ngongole ya marandi 8 miliyoni yoyambira kumanga likulu latsopano. Ndalama za ku South Africa zidathandizanso kumanga njanji yolumikiza Malawi ku doko la Nacala, yomwe idatsegulidwa mu 1970.

Boma latsankho silidachite izi chifukwa chokonda Amalawi. Linkasowa mtsogoleri wakuda woti lizimuloza pouza dziko lapansi kuti lili ndi abwenzi mu Africa. Nduna yaikulu John Vorster adabwera ku Malawi mu 1970, ndipo Kamuzu adakacheza ku South Africa mu 1971. Malawi idapeza mzinda wa Lilongwe, womwe udakhala likulu mu 1975, koma idalipira ndi kukayikiridwa ndi anansi ake monga Zambia ndi Tanzania, omwe ankasunga omenyera ufulu.

Mayiko a kuzambwe nawo ankaona Kamuzu ngati linga lotchinga chikomyunizimu, makamaka Mozambique itayamba kulamulidwa ndi Frelimo mu 1975. Kaamba ka ichi, ankatsinzina pa nkhanza za ulamuliro wake. Mu Meyi 1983, nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adaphedwa ku Thambani m'boma la Mwanza, boma lomwe panthawiyo Neno idali mbali yake. Thandizo silidaime. Patangopita zaka ziwiri, mu 1985, Kamuzu adalandiridwa ndi ulemu wonse ku London ngati mlendo wa Mfumukazi Elizabeth, ndipo mu 1989 Margaret Thatcher adadzacheza kuno.

Mphepo itasintha

Zinthu zidatembenuka khoma la Berlin litagwa mu 1989 ndipo Soviet Union itapasuka mu 1991. Kamuzu sadasinthe, chomwe chidasintha ndi mtengo wa ubwenzi wake. Pa 8 Malichi 1992, maepiskopi a Chikatolika adatulutsa kalata yodzudzula kuponderezana, ndipo mwezi wotsatira Chakufwa Chihana adamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Mu Meyi chaka chomwecho, mayiko othandiza Malawi atakumana ku Paris adaimitsa thandizo lonse kupatula la anthu ovutika ndi njala ndi othawa nkhondo, kufikira boma litayamba kulemekeza ufulu wachibadwidwe.

Chilala cha chaka chimenecho, kunyanyala ntchito m'mizinda ndi kuuma kwa thumba la boma zidakakamiza Kamuzu kuvomera riferendamu. Pa 14 Juni 1993, pafupifupi anthu 63 mwa 100 alionse ovota adasankha ndale za zipani zambiri, ndipo chisankho chidachitika pa 17 Meyi 1994.

Nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba njakuti zofuna za opereka thandizo nthawi zina zimagwirizana ndi zofuna za anthu wamba, ndipo zikatero chikakamizo chawo chimathandiza. Mbali yachiwiri njakuti mayiko omwewa ndiwo adakhala chete kwa zaka pafupifupi 30 anthu akutsekeredwa ku Mikuyu ndi ku Dzaleka popanda kuzengedwa mlandu. Ufulu wa Amalawi udasanduka nkhani yofunika kwa iwo pokhapokha pomwe mdani wawo wamkulu adagwa.

Kuchoka ku Taipei kupita ku Beijing

Si mayiko a kuzambwe okha omwe amamangirira ndale ku thandizo. Kuyambira mu 1966, Malawi idali paubale ndi Taiwan, chilumba chomwe China imati ndi gawo lake. Taiwan, posowa mayiko oivomereza, inkapereka mowolowa manja. Idatumiza alangizi a ulimi wa mpunga, idamanga chipatala chachikulu cha Mzuzu ndipo idatumizako madokotala omwe ankathandiza pa chisamaliro cha anthu omwe ali ndi HIV.

Kumapeto kwa Disembala 2007, boma la Bingu wa Mutharika lidasaina ubale ndi China, ndipo nkhaniyi idalengezedwa mu Januwale 2008 ndi Joyce Banda, yemwe adali nduna yoona za ubale ndi mayiko ena. Lamulo la China ndi limodzi ndipo silisintha: wofuna ubale nayo athetse ubale ndi Taiwan. Akatswiri a ku Taiwan adalongedza katundu wawo, ntchito yomanga msewu wa Karonga-Chitipa yomwe adaiyamba idatsala panjira mpaka China idadzaimaliza. Kenaka padabwera nyumba ya malamulo yatsopano ku Lilongwe, malo a misonkhano a Bingu, sukulu yaukachenjede ya MUST ku Thyolo ndi bwalo lamasewera la Bingu. Zina mwa izi zidali mphatso, zina ngongole zomwe Amalawi akubwezabe. Lero mu Africa monse ndi dziko la Eswatini lokha lomwe lidakali paubale wa ukazembe ndi Taiwan.

Phunziro la 2011

Chaka cha 2011 chidaonetsa msanga momwe mkangano wa atsogoleri umafikira m'thumba la munthu wamba. Mu Epulo chaka chimenecho, boma la Mutharika lidapirikitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, kalata yake yachinsinsi yopita ku London itaululika, momwe adafotokoza kuti mtsogoleriyo wayamba kulamulira mwankhanza ndipo safuna kudzudzulidwa. Britain idabwezera pothamangitsa woimira Malawi, ndipo mu Julayi idaimitsa thandizo lolowa mwachindunji m'bajeti ya boma. Panthawiyo pafupifupi 40 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti inkachokera kunja.

Mwezi womwewo wa Epulo, Malawi idali itangosaina mgwirizano wa madola 350.7 miliyoni ndi bungwe la boma la America la Millennium Challenge Corporation wokonzera magetsi. Anthu 20 ataphedwa pa zionetsero za pa 20 Julayi, bungwelo lidaimika kaye ntchitoyo. Mu Okutobala boma lidalandira mtsogoleri wa Sudan, Omar al-Bashir, yemwe ankafunidwa ndi khoti la milandu ikuluikulu la ku The Hague, ndipo mu Malichi 2012 mgwirizanowo udaimitsidwa mwalamulo. Anthu a m'mizinda akukumbukira bwino mizere ya galimoto pamalo omwetsera mafuta ndi kusowa kwa ndalama zakunja m'miyezi imeneyo.

Mutharika atamwalira mu Epulo 2012, Joyce Banda adasintha njira m'masabata ochepa. Adabwezeretsa ubale ndi Britain, adagwetsa mphamvu ya kwacha kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi monga momwe bungwe la IMF linkafunira, ndipo boma lake lidalolera kutaya mwayi wochititsa msonkhano wa African Union kusiyana nkulandiranso al-Bashir. Mu Juni 2012 mgwirizano wa magetsi udabwezeretsedwa. Ndalama zake ndizo zidakonza malo opangira magetsi a Nkula A pamtsinje wa Shire, mtsinje womwe umalekanitsa Neno ndi Blantyre, komanso kumanga nthambo zikuluzikulu zochokera ku Phombeya kupita ku Nkhoma. Koma mitengo ya zinthu idakwera, ndipo wolipira kugwa kwa kwacha adali wogula sopo ndi mchere.

Si nthawi zonse pomwe cholakwa chimakhala cha wopereka. Mu Seputembala 2013, kuwomberedwa kwa mkulu woona za bajeti, Paul Mphwiyo, kudavumbula kubedwa kwa ndalama za boma komwe kudatchuka kuti Cashgate. Kafukufuku woyamba wa akatswiri owerengera chuma a Baker Tilly adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Opereka thandizo adaimitsa madola pafupifupi 150 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo adaleka kuika ndalama m'thumba la boma, nayamba kuzidutsitsa m'mabungwe omwe si aboma.

Ndale za kwawo kwa wopereka

Zitsanzo zonsezi zikukhudza zomwe Malawi idachita kapena kulephera kuchita. Koma palinso mtundu wina wa ndale womwe wolandira alibe nawo chonena: mikangano ya mkati mwa dziko lopereka.

Ndondomeko ya PEPFAR, yomwe George W. Bush adakhazikitsa mu 2003 ndi madola 15 biliyoni a zaka zisanu zoyambirira, idatheka chifukwa atsogoleri a mipingo, omenyera ufulu wa odwala ndi aphungu a zipani zonse ziwiri za ku America adagwirizana. Zotsatira zake, pamodzi ndi za Global Fund, nzosakanika. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Mmalawi wobadwa panthawiyo ankayembekezeka kukhala zaka zosakwana 50. Lero chiwerengerocho chidapitirira 60. Pafupifupi anthu miliyoni imodzi ali ndi HIV m'dziko muno, ndipo ambiri mwa iwo ali pamankhwala. Komabe ngakhale ndondomeko yopulumutsa miyoyoyi idabwera ndi mfundo zochokera m'mikangano ya ku America, monga lamulo la zaka zoyambirira loti gawo lina la ndalama zopewera matenda lipite ku uthenga wa kudziletsa.

Chitsanzo china ndi lamulo lotchedwa Mexico City, loletsa kupereka ndalama za America kumabungwe akunja omwe amapereka kapena kulangiza za kuchotsa pakati, ngakhale atachita izi ndi ndalama zochokera kwina. Ronald Reagan adaliyambitsa mu 1984. Bill Clinton adalichotsa mu 1993, Bush adalibwezeretsa mu 2001, Obama adalichotsa mu 2009, Trump adalibwezeretsa nkulikulitsa mu 2017, Joe Biden adalichotsa mu 2021, ndipo Trump adalibwezeretsanso mu 2025. Kusinthasintha konseku kumatsatira chisankho cha ku America, pomwe zotsatira zake zimagwera zipatala za kulera m'mayiko ngati Malawi.

Zomwe zidachitika mu 2025 ndi za mtundu womwewu, koma zazikulu kuposa zonse zam'mbuyo. Boma latsopano lidalowa ndi mfundo yoika America patsogolo, ponena kuti ndalama zambiri zimasakazika kunja. Ngakhale padatuluka chilolezo choti ntchito zopulumutsa moyo zipitirire, mu Malichi nduna yoona za ubale ndi mayiko ena, Marco Rubio, adalengeza kuti ntchito 83 mwa 100 zilizonse za USAID zathetsedwa, ndipo pa 1 Julayi bungwelo lidasiya kugwira ntchito palokha. Mgwirizano wachiwiri wa Millennium Challenge Corporation wa madola 350 miliyoni, womwe Malawi idasaina mu Seputembala 2022 wokonza misewu yopita kumadera a ulimi ndi kayendetsedwe ka malo, nawo udagwa m'chaka chomwecho.

Anansi athu adaona mbali zina za nkhaniyi. Mu Febuluwale 2025, America idadula thandizo ku South Africa, ikutchula lamulo la malo la dzikolo komanso mlandu womwe lidasumira Israel kukhoti la mayiko onse. Mu Meyi, kazembe wa America ku Lusaka adalengeza kudulidwa kwa madola 50 miliyoni a mankhwala ku Zambia chifukwa cha kubedwa kwa mankhwala operekedwa ulere. Britain nayo, yomwe idatsitsa kale thandizo lake kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma chake mu 2021, idalengeza mu Febuluwale 2025 kuti ilitsitsanso kufika pa 0.3 peresenti pofika 2027, kuti ndalamazo zipite ku chitetezo.

Mu Seputembala 2025, America idatulutsa ndondomeko yatsopano ya thandizo la zaumoyo, yomwe ikufuna kuti dziko lililonse lolandira lisaine mgwirizano wakewake ndi boma la America, lilonjeze kuonjezera ndalama zake chaka ndi chaka, ndi kusenza pang'onopang'ono ntchito zomwe kale zinkalipiridwa ndi thandizo. Kenya idakhala dziko loyamba kusaina mu Disembala 2025. Njira imeneyi ikuika poyera zomwe kale zinkanenedwa monong'ona: kuti thandizo ndi mgwirizano wa mbali ziwiri, momwe wopereka amafunamo kanthu.

Njira yomwe ndalama zimadzera

Kupatula kuchuluka kwa ndalama, ndale zimalamulanso njira yomwe ndalamazo zimadzera. Opereka akasiya kukhulupirira boma, amakhazikitsa njira zawozawo. Umu ndi momwe kudabadwira njira yapadera yosungira ndi kugawa mankhwala ogulidwa ndi thandizo, yosadzera ku Central Medical Stores, opereka atadandaula za kusowa kwa mankhwala. Njira zoterezi zimafikitsa mankhwala kwa odwala, koma sizilimbitsa boma, ndipo wopereka akachoka zimachoka naye pamodzi.

Kudzera m'mabungwe kumabweretsanso kusiyana pakati pa maboma. Neno idapeza bwenzi lomwe lidasankha kugwira ntchito mkati mwa zipatala za boma m'malo momanga zakezake, lomwe lidalemba anthu a m'midzi oyendera mabanja khomo ndi khomo, komanso lidathandiza kukhazikitsa njira yoti odwala HIV, shuga, kuthamanga kwa magazi ndi khunyu azionedwa pakiliniki imodzi. Maboma ena osauka chimodzimodzi sadapeze mwayi wotere. Komwe thandizo limagwera nthawi zambiri kumatengera mbiri, kudziwana ndi zokonda za wopereka, osati mndandanda wa komwe kuli vuto lalikulu.

Palinso nkhani ya yemwe amafunsidwa zinthu zikalakwika. Ntchito ikamayendetsedwa ndi misonkho, mlimi wa kwa Dambe angathe kufunsa khansala kapena phungu wake, ndipo angathe kumuchotsa pachisankho. Ikamayendetsedwa ndi ndalama zakunja, woyang'anira ntchitoyo amalemba malipoti opita ku Washington, London kapena Geneva, komwe mlimiyo alibe voti.

Zomwe zili m'manja mwa Amalawi

Dziko la Malawi silingasinthe zotsatira za chisankho cha ku America kapena bajeti ya Britain. Koma fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, ndipo pali zinthu zomwe zili m'manja mwa eni dziko.

Choyamba ndi bajeti. Mu Epulo 2001, atsogoleri a mu Africa adalonjezana ku Abuja kuti aziika 15 peresenti ya bajeti zawo ku zaumoyo. Malawi yakhala ikuperewera pa mlingo umenewu m'zaka zambiri, pomwe ndalama zoposa theka la zonse zogwiritsidwa ntchito pa zaumoyo zakhala zikuchokera kunja, ndipo pa nkhondo yolimbana ndi HIV gawo la opereka thandizo limaposa 90 peresenti. Kusenza mtolo wonsewu chaka chimodzi nkosatheka, makamaka pomwe chiwongoladzanja cha ngongole za boma chikudya gawo lalikulu la misonkho. Chotheka ndi kusankha zoyambira: mankhwala otalikitsa moyo, katemera ndi malipiro a ogwira ntchito omwe chipatala sichingayende popanda iwo.

Chachiwiri ndi kutseka mabowo. Kwacha iliyonse yobedwa ku Capital Hill ndi botolo lililonse la mankhwala a boma lopezeka pamsika zimapereka chifukwa kwa andale akunja omwe akufuna kudula thandizo, komanso zimafooketsa boma likakhala pagome la zokambirana.

Chachitatu ndi kuika poyera mapangano. Mgwirizano uliwonse wa thandizo kapena ngongole uli ndi zomwe Malawi ikulonjeza: kaya ndi ndalama zoonjezera, voti kumsonkhano wa mayiko, mwayi wa makampani akunja pa migodi, kapena kugawana mbiri ya zaumoyo ya anthu. Aphungu ndi makomiti awo ali ndi udindo wowerenga mapanganowa asadayambe kugwira ntchito, ndipo atolankhani ndi mabungwe angagwiritse ntchito lamulo lopereka mwayi wopeza uthenga kuboma, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2020, pofunsa zomwe zalembedwamo.

Chachinayi ndi kukonzekera tsiku lomwe bwenzi lidzachoke. Ntchito iliyonse yoyamba ndi ndalama zakunja, kaya ndi ku Neno, Nsanje kapena Chitipa, iyenera kukhala ndi chikonzero cholembedwa chonena kuti ndi chaka chiti chomwe khonsolo kapena unduna udzayambe kulipira ogwira ntchito, kugula mafuta a ambulansi ndi kukonza zipangizo. Madokotala a ku Taiwan adachoka ku Mzuzu mu 2008, Britain idatseka thumba lake mu 2011, USAID idatha mu 2025. Pa zaka zosakwana 20, dziko lino laona katatu konse kuti wopereka angathe kunyamuka mosachenjeza, ndipo nthawi zonsezi woyamba kumva kuwawa adali wodwala, mlimi ndi wogwira ntchito wamba, osati omwe adasaina mapangano.